Kamzere Kobiriwira

Kamayamba bwinobwino, kamzere kobiriwira,
kukwawa ngati bongololo m'munsi mwa sikirini,
katasenza zithunzi, makalata, masamu a nshawa za kopaletivu,
ulendo wa kumtambo
kumene amati chiswe sichifika, mbala siboola.
Kenako pa 63 kaima.
Osati 62. Osati 64.
Kaima ngati wanjinga pachikweza cha Kanjala,
phazi pansi, katundu ali pakaliyala.

Khuzwayo, mwana wa mlongo wanga,
wa kashopu ka mafoni ku Down Shops,
anati, "Azakhali, amenewo ndi malaiti."
Ndinagula batire ndi kainiveta,
matumba awiri a soya kupita choncho.
Malaiti anathima madzulo, kompyuta osaphethira,
ine mtima m'malo.
M'mawa: 63.

"Ndiye ndi mabando."
Ndinagula ausiku, otchipa aja,
n'kukhala maso agalu a m'Kapata akulalatirana,
chitenje m'mapewa, tiyi atazizira.
Netiweki inali tho, timizere tonse tinayi.
Kanafika pamalo pake, kanaima.

"Mwina imagona."
Tinaimana tulo ngati mlonda wa padepoti.
Tinaichotsa pulogalamuyo, n'kuibwezeramo.
Tinapemerera fumbi la Okutobala m'kafani
mpaka ine kuyetsemula.
Antivayirasi tinaimanga manja.
Pasiwedi tinasintha,
yatsopanoyo ndinaiiwala tsiku lomwelo.
Ndinafika poinyengerera ndi mawu,
monga muchitira ndi mwana wokana phala.

Loweruka anabwera yekha mnyamatayo,
nsapato zili matope a ku Mchini.
Sanafunse madzi.
Anatsegula kabuku kobisika
momwe makina amalembamo madandaulo awo,
chala chikutsika mzere ndi mzere.
Usiku uliwonse, milungu itatu yathunthu,
dandaulo linali limodzi:
fayilo iyi ili m'manja mwa wina.

"Azakhali, chotsegula pansipa n'chiyani?"

Ndinayang'ana kuwindo.
Ndinkadziwa.

Mphindi zinayi zokha.
A Yotamu akuyesa maikolofoni ya kwaya,
yogula pasalaula, ya chingwe chomata ndi tepi.
Sanenamo chanzeru chilichonse.
"Wanu, thuu. Wanu, thuu. Kodi ikumveka?
Zelipa, tseka chitseko, nkhuku zalowa."
Kenako chifuwa.
Kenako kuseka kuja,
koyambira m'mphuno ngati njinga yamoto yokana kulira.

Chiwaikireni m'manda mu Febuluwale
sindinaitsekepo.
Ndimaiimitsa pakati pa kuseka,
pakamwa pali chitsegukire,
kuti ndikabwera kumsika ndiwapeze asanamalize.
Batire lija, kunena zoona,
sindinagulire masamu a nshawa.

Khuzwayo anakanda m'mutu,
mawu anatsika ngati ali m'tchalitchi.
"Siingasunge chinthu chimene mwafumbata.
Imafika, imagogoda, imapeza muli momwemo,
imadikira, imatopa.
Muyambe mwatseka.
Ikatenga, mudzatsegulanso."

Ndinamutuma zakumwa kwa a Shawa,
kutali dala, kuseri kwa chigayo.

Tinatsala awiri.
Atatu, tikawerenga makinawo.
Dzanja pambewa ya pulasitiki,
kamuvi kakunjenjemera pakona,
pa kamtanda kofiira kaja.
Kamtanda kakang'ono bwanji,
kuchepa kuposa njere ya mpiru,
koma kulemera kwake ngati uja tinazika kumutu.

Ndinadina.

Palibe chinagwa.
Kafani kanapitiriza kupuma.
Panja wina ankaitanira makala.

63.
63.
Ndinayamba kuitukwana mumtima.
64.

Sindinaombe m'manja, sindinalulute.
Ndinangopenya kakukwera, 70, 71,
wanjinga wabwezera phazi papedulo,
akupita nawo a Yotamu
ndi chifuwa chawo, ndi kuseka kwawo kosatha,
pamodzi ndi malisiti a fetereza.

Kumbuyo kwanga ndinamva tswa, tswa, pasimenti.
Ndinadzuka kukatseka chitseko.
Nkhuku zinali zitalowa.