Homuweki ya Belita

Belita wabwera ndi mawu atsopano kuchokera kusukulu,
wawanyamula ngati dzira: mpweya wa kaboni.
Akuti aphunzitsi ajambula dziko pabolodi,
alifunditsa bulangete la utsi,
kenako afunsa: akufukiza ndani?

Wandipeza ndikumanga thumba lachitatu panjinga,
zala zakuda mpaka m'zikhadabo.

Mwana wanga, lemba kuti ndine.
Tsanya uja wa kuseri kwa Kambulatsitsi ndinagwetsa ndine,
ndinamukwirira ndi dothi, anafuka masiku asanu.
Yunifolomu wavalayo ndi nthambi zake.

Koma usatseke kope.
Lembanso sitima ya usiku yochoka ku Moatize.
Tsiku lina ndinawerenga mabogi ake mpaka ndinasokonezeka,
onse odzaza malasha, ulendo wa ku Nacala.
Kumene akayake sindikudziwa.
Kuno amatisiyira fumbi pa zovala zoyanika
ndi chifuwa cha amalume ako a Juliasse,
amene mgodi womwewo unawagulira malata ndi njinga yamoto.
Asakunamize munthu, iwo sadandaula.
Amangotsokomola.

Lemba nthambo zija za ku Songo.
Amati moto wake ndi wa madzi, ulibe utsi,
ndipo ine ndikukhulupirira.
Ndimapumira pansi pake ndikatopa ndi chitunda,
zimalira ngati njuchi,
uchi wake sitinaulawepo.

Mzinda wa Tete ukukula, ndimauona ndi miyendo yanga.
Pomwe panali mbuzi pali nyumba zosanja,
ndipo kuseri kwa geti iliyonse yatsopano
kuli mayi wondiitana ndi dzina,
mbaula ili m'manja, akuti gasi wakwera.
Iwo akalemera, ine ndimapita kutali ndi nkhwangwa.
Chaka chatha unali mtunda wa m'mawa umodzi,
pano ndimagona konko.

Mvula nayo yachedwanso.
Ngati ndi bulangete lako lija, sindingatsutse,
chimanga chathu chinapsa chisanamasule.

Belita akulemba, wayatsa tochi ya foni
yomwe timatchajitsa pa sola ya a Zefanias, mameticali khumi.
Pensulo yaima.
Akufufuta ndi chala chonyowetsa malovu.

Ababa, akutero,
mzere wa yankho ndi umodzi wokha.

Ndikukoka chingwe, thumba lakhazikika.
Kutsidya kwa msewu sitima yayamba kulira,
ndipo mwana akudikirabe,
pensulo ili m'kamwa.