Ndowa Ziwiri

Usiku wonse gu gu gu pachitseko cha lata.
Si mlendo ayi, ndi mwendo wa Nenani, akudzikanda.
Kuno ku Mabvuku magetsi akathima
khutu limatola chilichonse.

Kutacha ndinamupanira pakati pa mawondo,
ndinapatula ubweya wa pakhosi,
ndipo utitiri unabalalika
ngati ogulitsa tomato pa Mbare
akaona galimoto ya khonsolo.

Ku Borrowdale, komwe ndimatchetcha kapinga,
galu wa abwana amapita kwa dokotala
atakhala pampando wakutsogolo.
Piritsi limodzi, lobisa m'nyama, nkhani yatha.
Ndinafunsa mtengo wake.
Ndinaseka, nkubwerera ku wilibala yanga.

Wangayu ndinamugulira dibi wa m'kabotolo
pamalo okwerera makombi, dola imodzi,
ndi kachidutswa ka sopo wobiriwira.
Madzi ndiye anali mlandu.
Mpopi wathu unauma chaka chomwe Fatsani
ananyamuka ulendo wa ku Joni,
nandisiyira kagalu kokwana m'chipewa:
"Mundisungire, bambo, ndibwera pa Khirisimasi."
Ma Khirisimasi adutsa atatu.

Ndinaima pa mjigo nyenyezi zisanazime,
ndinabwerako dzuwa litatentha, ndowa ziwiri.
Amake Tarisai anasuzumira pampanda:
"Madzi a pamzere wa maola atatu, a galu?"
Sindinayankhe. Ndinangoitana dzina lake,
mokweza pang'ono: Nenani!

Ananjenjemera, mchira m'miyendo,
kundiyang'ana ngati ndamugulitsa.
Ndinayambira m'khosi kuti usathawire kumaso,
kenako msana, m'khwapa, patsinde pa mchira
pomwe anadziluma mpaka kusupuka.
Thovu linafiira.
Anali magazi ake omwe,
amene tizilomboti tinamwa nkutaya.
Wopulumuka ndinkaugwira pakati pa zikhadabo,
umodzi umodzi, thi!
Ndinawerenga mpaka makumi anayi, nkuleka.

Saka lomwe amagonapo ndinalitentha.
Ndinasesa pakhonde, ndinathira madzi otentha m'ming'alu,
poti mazira sadziwa kuti makolo awo afa.
Ndowa yachiwiri inathera pomwepo.
Tsikulo ine sindinasambe.

Iye anadzikutumula, kundinyowetsa malaya,
nathamangira kuseri kwa chimbudzi
kukagubuduka m'fumbi loyera la simenti
lomwe mphepo imatibweretsera kuchokera kufakitale.
Anabwera wambuu, akumwetulira ndi lilime lonse.

Usiku umenewo chitseko chinakhala chete.
Chete weniweni, mpaka ndinadzuka kukaona
ngati akupuma.
Ankapuma, mutu uli pansapato yanga.

Foni inawala. Fatsani.
Mawu atatu okha: "Galu ali bwanji?"
Ndinadikira, mwina kubwera mzere wina.
Sunabwere.
Ndinalemba ndi chala chimodzi kuti ali bwino,
dzanja linali lili pansi pa bulangete
kukanda kakolo,
pomwe kanthu kena kongofika kumene
kanali katapeza kale nyumba.