Chisoso cha m'bala

Yotamu wa njinga za ku Kapata,
tcheni chinamukanda pa msongolo Lachiwiri.
Anapukuta ndi tsamba,
napalasa ndi mayi wina mpaka ku Mchini.

Lero mafinya ake ali pa kagalasi kanga.
Ndathira utoto, ndasuzumira:
timipira taunjikana
ngati nthudza zakupsa zogulitsa pa mulu.

Tizilomboti tilibe miyendo, tilibe mchira.
Nanga magazi sanatikokolole bwanji?

Thupi likang'ambika limatumiza ulusi wake,
kuluka ukonde kuti bala litseke.
Pa ulusi womwewo mpomwe timakola.
Khungu lake ndi tingowe tokhatokha,
kangowe kalikonse kodziwa ulusi wakewake,
monga chisoso chidziwira thalauza
la munthu wodzera njira yachidule.
Ukakoka, kamalimbikira.

Kenaka timafunda ulusi womwewo ngati bulangete,
asilikali a m'magazi n'kudutsa
poyesa ndi abale.

Yotamu ali pa benchi panja,
afunsa ngati mawa angapalase.
Ndamulembera dzina lalitali pa pepala.

Madzulo, pansi pa phiri la Kanjala,
ndawerama kuzula chisoso pa sokosi zanga,
kamodzikamodzi.