Katoni Youma

Lole ya Mayi Nachuma inalowa m'galaja Lachiwiri,
utsi ukuitsata m'mbuyo ngati ngongole.
Akuti, Malizani, oyilo akundithawa,
malita awiri pa sabata,
ulendo wake wa Mbare ndi Mabvuku womwewu,
ndipo ogula ayamba kununkhiza kabichi wanga.

Sindinagwire sipanala tsiku limenelo.
Ndinang'amba katoni ya sopo,
kuiyala pansi pa injini, kupsinja ndi njerwa,
n'kukiya geti.
M'mawa wa ku Gazaland, chisanu cha Juni chikuluma zala,
ndinaisolola: youma gwa,
yopanda ngakhale kadontho konamizira.
Wakuba sali pabwalo ayi.
Amagona m'nyumba momwemo.

Ndinakulira ku Rugare, m'mphepete mwa njanji,
kumene tinkadziwa sitima ndi chifuwa chake isanaoneke,
choncho utsi sundinamiza kawirikawiri.
Wakuda ndi dyera chabe,
dizilo wambiri, mpweya wochepa,
fyuluta yatsopano n'kuiwala.
Woyera wosatha uja ndiye umandiuma pakamwa,
madzi atalowa kumene sanaitanidwe.
Koma radiyeta inali yodzaza, yopanda thovu,
ndipo kuseri kwa chitsekero cha oyilo
kunalibe phala loyera lija.

Ndinaliza injini.
Unatuluka wabuluu, woonda, wamanyazi,
wonunkha ngati chiwaya choiwalidwa pamoto.
Ndinadikira, mwina ukhala wa m'mawa wokha,
wa timphira ta mavavu totha mphamvu
tomwe timadontheza usiku n'kuleka dzuwa likakwera.
Tiyi ndinamwa, wachiwiri ndinamwa.
Utsi osaleka.

Tinakweza matumba khumi a mchenga,
Mayi Nachuma pambali panga, chikwama pamiyendo,
tinaloza chitunda cha Kopje.
Giya yachiwiri, phazi pansi,
pagalasi mzinda wonse unazimirira,
kondakitala wa kombi kutitukwana m'Chishona,
amayi kumuyankha m'Chishona chomwecho, chakuthwa kuposa chake.

Titabwerera ndinamasula paipi ya tebo,
kupisamo chala. Chinatuluka choyera.
Ndinalakalaka chikadada,
tebo ya salaula imapezeka ku Siyaso.
Kenako ndinatsegula pothirira oyilo injini ikulira,
n'kuikapo chikhatho.
Phu, phu, phu,
inandipumira m'dzanja ngati nkhalamba yokwera masitepe.

Maring'i, amayi.
Atha. Oyilo akukwera kukapsa ndi dizilo.
Injini ikudya magazi ake omwe.

Anafunsa mtengo. Ndinautchula ndikuyang'ana matayala.
Anakhala chete, milomo ikuwerenga:
fizi ya Tamanda, lendi ya benchi kumsika,
mbatata zomwe anatenga pangongole ku Nyanga.
Akuti, nanga ka botolo kaja, konata ngati uchi,
anyamata amati ukathira utsi umatha?
Ndinati kamatseka pakamwa wodwala, amayi,
mwezi umodzi, mwina iwiri,
kabwino kwa wofuna kugulitsa lole kwa mlendo.
Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala.
Iyi anaisiya bambo a Tamanda.
Dzina lawo likadali pachitseko,
penti yasuluka, nambala ya foni ndi yakale.

Ndiye tinapangana za anthu osauka.
Oyesa ndodo ya oyilo m'mawa uliwonse, injini isanadzuke.
Chigubu cha malita asanu chizikhala kuseri kwa mpando.
Katundu wa theka, chitunda achizungulire.
Kanyali kofiira kakangoyaka, aime pomwepo,
ngakhale pakati pa msewu wa Seke.
Matimati akakwera mtengo, abwere nayo,
ndidzaitsegula mtima.

Anandipatsa makabichi awiri, ndalama ndinakana.
Lole inatuluka pageti ikutsokomola,
utsi uja unatsala pang'ono pabwalo
ngati ukufuna kundiuza kanthu kena.

Katoni ija sindinataye.
Kuseri kwake ndinalembapo ndi choko:
maring'i, gasiketi, mabering'i, Nachuma.
Ili pa msomali, pamwamba pa mabatire akufa.
Lero ndi Okutobala.
Lole iliyonse ikatsokomola pa msewu wa Willowvale
ndimatukula mutu m'boneti.