Khutu la Mfumu ya Aroma

Lachiwiri, mvula ikuwaza pa miyala ya mu Plovdiv,
Mayi Nevena analowa m'kashopu kanga
atafumbata kachitini ka fodya ka malemu amuna awo.
Anati, "Stoil ankati zimenezi zidzandiika m'manda
kapena zidzakonza denga.
Ine ndikadali moyo, koma denga likudontha."

Ndinayala nsalu yobiriwira.
Makobidi khumi ndi atatu amkuwa, odyeka m'mbali,
ndi limodzi lokulungidwa palokha m'kapepala ka mankhwala,
lasiliva, nkhope ya mfumu ya Aroma itayang'ana kumanja.

Sikelo sinatsutse: magalamu atatu ndi pang'ono.
Maginito analikana monga ayenera kukanira.
Nditaligwetsa pamwala linalira ngwee,
kulira kwa siliva weniweni.
Ndiye ndinatenga galasi langa.

Khutu.
Long'ambika pang'ono kunsi kwake,
pomwe ndolo ya mayi anga inakodwa mu mpango
chaka chimene ndinabadwa.

Bambo anga ankasula usiku, m'chipinda chapansi,
pakati pa migolo ya vinyo ndi anyezi wopachika.
Sankathira m'chikombole ngati aulesi a kumsika
amene ndalama zawo zimatuluka ndi timatuza ndi msoko m'mbali.
Iwo ankagoba chitsulo ndi dzanja,
kusungunula masupuni a anthu akufa,
nyundo kamodzi, phaa, basi.
Kenako viniga, ndowe za bulu, mphika pansi pa mpesa.
Ena ankamezetsa tsekwe,
ndipo ine, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri,
ndinkalondola tsekweyo ndi kamtengo m'mawa.
"Zaka zikwi ziwiri," ankatero akupukuta manja,
"zimapsa pa miyezi isanu, ukadziwa kusonkhezera."
Mafumu onse amene anatuluka m'chipinda chimenecho
anavala khutu la mkazi wawo.
Sanandiuze chifukwa. Mwina kunali kusaina,
mwina ndi khutu lokhalo limene analiyang'anitsitsa pa moyo wawo.

Zaka makumi atatu ndakhala kuseri kwa tebulo ili
kuuza anthu zoona zimene sanabwere kudzagula.
M'kabati muli thireyi ya zongofanizira,
iliyonse ndi chidindo chake kumsana
kuti isadzanamize munthu.
Koma tsiku limeneli lilime linalemera ngati mtovu.

"Mayi, ili si la ku Roma.
Linabadwira misewu inayi kuchokera pano.
Amene analisula ndinkadya naye mbale imodzi."

Sanalire. Anafunsa mtengo wa siliva yekhayo.
Ndinati ungagule matailosi asanu ndi limodzi,
koma ine ndilipira denga lonse, mundisiyire.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, madzi akudontha ku ambulera.
"Banja lanu latinamiza kamodzi, kwakwana.
Musandipatse mtengo wabodza pa ndalama yabodza."

Analitola, nalitembenuzira kuwindo.
"Onani tsaya ili, mmene lasalalira.
Si tsekwe wanu ameneyu.
Stoil ankalisisita ndi chala chachikulu madzulo alionse,
nkhani za pa wailesi zikamuwawa,
ngakhale m'chipatala linali pansi pa pilo.
Khutu ndi la mayi anu, chabwino.
Tsaya ndi langa."

Khumi ndi atatu aja anali enieni onse,
makobidi a asilikali osauka, ogulira mkate ndi mchere,
amene alimi amafukula ndi pulawo chaka ndi chaka.
Ndinawerenga ndalama zake, zokwana theka la denga,
mbali ya kuchipinda chogona.

Atafika pakhomo ndinapempha kuliona kachiwiri.
Anatambasula dzanja, osalisiya.
Ndinawerama ndi galasi langa pa chikhatho cha mlendo
ngati mwana wofuna kunong'oneza kanthu,
mpaka basi ya nambala sikisi inalira pakona
ndipo chikhathocho chinatsekeka.