Masitovu a Amuna Anga

Amuna anga a Eilif ali ndi masitovu makumi atatu ndi asanu ndi awiri.
Ndinawerenga ndekha tsiku lina nditapsa mtima,
nditapeza ina m'kabati ya mbale,
itakhala phee pakati pa makapu a ukwati wathu
ngati mlendo wodziitana yekha.

Onse ndi amkuwa, amimba zozungulira, miyendo itatu.
Ina anagula kwa msodzi wa ku Vadsø,
ina inatuluka m'chikwama cha msilikali
amene sanabwerenso kudzachitenga,
ina imadontha, ina ilibe chotsekera,
koma munthu asayerekeze kunena kuti ndi zitsulo chabe.

Lamlungu lililonse tebulo langa limanunkha palafini.
Amadula kachikopa ka nsapato yakutha,
kukanyika m'mafuta usiku wonse
kuti pampu ipezenso mpweya.
Ndi kasingano kowonda ngati tsitsi
amatokosa kabowo kamene ine sindikaona n'komwe.
Ndikati, kodi mudzaphika chiyani pa onsewa,
amangoti, udzaona,
osadzutsa ndi mutu womwe.

Zaka makumi awiri ndinadikira kuti ndione.

Ndiye kunabwera Januwale uja.
Kuno ku Berlevåg dzuwa limatithawa miyezi iwiri,
tinazolowera.
Koma mphepo ya kunyanja inadula mawaya kuseri kwa phiri,
msewu unakwiririka ndi chipale,
tauni yonse zii, mdima wandiweyani.
Firiji inaleka kung'ung'udza.
Chophikira chamagetsi chinazizira ngati mwala wa padoko.

A Eilif sanapupulume.
Anatsegula zenera pang'ono,
chifukwa utsi wosaoneka ndi umene umapha,
anathira sipiriti m'kambale kapansi,
anakhwatcha machesi,
n'kupinda manja.
Apa ndi pamene anthu amalakwira, anatero.
Ukapopa msanga moto umadzuka wachikasu
n'kukunyambita nsidze.
Lawi litatsala pang'ono kufa anapopa katatu.
Sitovu inatsokomola,
inatsokomolanso,
kenako inabangula,
duwa labuluu litaphuka pamutu pake.

Anayamba kugogoda ndi a Aslaug,
mdzukulu ali m'bulangete, botolo la mkaka lozizira m'dzanja.
Kenako Sindre wa pagalaja,
aphunzitsi, namwino wa pachipatala,
ndi ena amene kale ankatsinzinirana tikamadutsa.
Aliyense ankachoka ndi sitovu m'khwapa,
palafini m'botolo la sobo,
ndi mawu atatu: zenera, sipiriti, dikira.
Ine ndinaima pakhomo
kulemba mayina kuseri kwa kalendala.

Pakati pa usiku mphepo itapumira
ndinatuluka, chipale chikulira kumapazi.
Nyumba ndi nyumba kubangula kuja,
mazenera akuthwanima mwabuluu,
fungo la khofi ndi msuzi wa nsomba likudutsana mumsewu.
Ndinaima mpaka makutu anachita dzanzi.

Masiku anayi.
Magetsi atabwera masitovu anabwereranso,
ina yakuda bii ndi mwaye,
ina itasenza buledi wothokozera.
Anawandandalika patebulo, anawerenga, anabwereza.
Imodzi palibe.

Afunsa tauni yonse.
Kalendala yanga aiyang'ana mpaka ndi magalasi awiri.
Sindinawauze kuti ya msodzi wa ku Vadsø ija
ili m'chikwama changa pansi pa juzi,
kuti Lachinayi lililonse iwo akapita kokagula nyuzi
ine ndimakwera kumtunda kwa doko
n'kubisala kuseri kwa thanthwe,
kuthira sipiriti, kukhwatcha,
kuluma mlomo kuti dzanja lisathamangire pampu,
n'kumwa tiyi ndekha maboti akulowa.

Sabata yoyamba nsidze yakumanzere inapita.
Iwo sanaone,
kapena anaona.
Dzulo ndikufuna magolovesi m'thumba la jekete
chala chinagunda kanthu kolasa:
kasingano katsopano,
kokulungidwa bwino m'pepala la nyuzi ya Lachinayi.