Zithunzi Zisanu ndi Ziwiri

Khadi la zithunzi ili ndinagula ku Hervanta
kwa mwana wasukulu amene lendi inamuthina.
Anandipatsira m'bokosi la nsapato,
fumbi litamera pa mafani ake atatu
ngati ubweya wa mphaka wokalamba.

Masana ndimayendetsa basi muno mu Tampere.
Sindipyola liwiro, sindidzidzimutsa okwera,
agogo amagona mpaka posikira pawo.
Koma usiku Eerikki, mwana wanga wa ku Oulu,
amandidikira pa gemu ya mpikisano wa magalimoto
ndipo amandimwetsa fumbi mpaka kumapeto.
Ine ndinati vuto si ine ayi, ndi khadi:
pakona paliponse chithunzi chimachita chibwibwi.

Loweruka ndinalitsekula pamimba.
Ndinapala phala lakale, louma ngati nkhanambo,
n'kudontheza latsopano, kanjere kamodzi basi.
Kenako ndinakankha zenera.
Kunja kunali madigiri khumi ndi asanu ndi anayi pansi pa ziro.
Sinikka anatulukira atadzikulunga bulangeti:
"Veikko, hita tikulipirayi
ndi yoti iwothe tauni yonse?"

Ndinawonjezera mamegahezi makumi awiri.
Khadi silinadandaule.
Enanso makumi awiri. Linangoti zii.
Ndinathira magetsi pang'ono, monga mchere wa kunsonga ya chala,
mafani anayamba kukuwa,
mpweya wotentha ukutuluka kumbuyo kwa bokosi
pamene zala zanga zikuuma pa kiyibodi.
Ndinavala magolovesi odula nsonga,
khofi wanga anazizira ndisanamulawe.

Dyera lili ndi mawu okoma.
Linati: wafika kale apa, bwanji osapitirira?
Ndinapitirira.

Poyamba tinthu tobiriwira tinagwa pa sikirini
ngati nthata pa nkhope ya msewu.
Mitengo ya paini inasanduka yofiirira,
thayala lina linatambasuka mpaka kumwamba,
phiri linathyoka pakati ngati bisiketi,
kenako mdima.
Mu galasi lakudalo ndinaona bambo wa zaka makumi asanu ndi zitatu,
chisoti cha ubweya kumutu, mamina akuchucha,
akupempherera chitsulo.

Ndinanunkhiza. Palibe chopserera.
Ndinawerenga mpaka makumi atatu, ndinadina batani,
kanyali kanaphethira kamodzi, kawiri,
mtima unabwerera m'malo.

Ndinabweza khumi ndi asanu.
Linagwanso patatha mphindi makumi anayi.
Ndinabwezanso khumi, n'kulemba manambala
kuseri kwa ndandanda ya mashifiti anga,
mzere wofufutidwa pansi pa mzere wofufutidwa,
mpaka cha m'ma thili koloko
linathamanga ola lathunthu osapunthwa,
madigiri makumi asanu ndi limodzi, osasuntha.

Phindu la usiku wonse:
zithunzi zisanu ndi ziwiri pa sekondi iliyonse.
Zisanu ndi ziwiri.
Duwa la Sinikka la pazenera linafa ndi chisanu,
ndipo nkhani yake sinathe mpaka lero.

Lamulungu madzulo ndinamuitana Eerikki.
Msewu unkayenda myaa, wopanda chibwibwi,
chipale chofewa chikuwuluka bwinobwino m'mbali,
ndinaona ngakhale timiyala tikudumpha.
Ndinaonanso bwino kwambiri, mosaphonya kanthu,
nyali zofiira za galimoto yake
zikuchepa, zikuchepa, n'kuzimiririka pakona.

Anaseka m'mahedifoni mpaka kutsokomola.
"Bambo, khadi lanu lilibe mlandu.
Mumaponda buleki msanga,
ngati kumbuyo mwanyamula anthu oimirira."

Ndinakhala chete. Zenera ndinali nditatseka,
mafani akung'ung'udza okha pansi pa tebulo.
Ndinati, "Tiyambirenso,"
ndipo anati, "Kamodzi kokha, mawa ndili ndi mayeso."
Tinayambiranso kasanu.